Njati pa Mjigo wa Sukulu

Sithembile Ndiweni anali akupukuta fumbi pa masola, mbale zokolera magetsi a dzuwa, a pampu yachitatu pamene galimoto ya bwana Mlotshwa inaima kumbuyo kwake. Bwanayo sanazimitse injini. Anangotsitsa galasi n'kutulutsa chigongono.

"MaNdiweni, tseka pampu imeneyo. Ukatsekenso yachiwiri, yachinayi ndi yachisanu. Usiye yoyamba yokha."

"Yawonongeka iti, bwana?"

"Palibe yawonongeka. Ndati tseka. Masiku atatu okha."

Sithembile anayang'ana dziwe lomwe linali kutsogolo kwake. Tchire la Tsholotsho mwezi wa Okutobala lilibe mtsinje, lilibe chithaphwi, ndi mchenga wokhawokha ndi mitengo ya tsanya yoyoyoka masamba. Nyama zonse za m'dera limene bwana Mlotshwa ankabwereka kwa khonsolo kuti azisakitsamo alendo zinkamwa m'maiwe asanu, ndipo maiwe asanuwo ankadzadzidwa ndi mapampu asanu amene makiyi ake anali m'thumba mwa Sithembile.

"Nanga nyama zimwa chiyani?"

"Zimwa ku dziwe loyamba. Nyama ili ndi miyendo."

Sipanafunike kumufotokozera. Kumsasa kunali mlendo, a Holm, nkhalamba ya ku Denmark yomwe inapuma ntchito yopala matabwa. Anabwera kudzasaka njati imodzi yokha, nkhunzi yokalamba, ndipo anasankha bwana Mlotshwa chifukwa cha lonjezo limene bwanayo ankalembera alendo ake onse: njati imasakidwa wapansi, polondola mapazi kuyambira m'mawa, osaiombera uli pagalimoto, osaibisalira pamadzi. Nyama izikhala ndi mpata wokumva n'kuthawa. Masiku asanu ndi awiri anali atapita. Kawiri konse anayandikira gulu. Koyamba mphepo inatembenuka, njati zinabalalika. Kachiwiri a Holm anatsitsa okha mfuti, ati nkhunziyo ikadali yaing'ono. Tsopano kunatsala masiku atatu, ndipo bwana Mlotshwa ankadziwa kuti mlendo wobwerera chimanjamanja satumiza anzake.

"Pepala lako la ntchito ndisayina kumapeto kwa mwezi uno, si choncho?" anatero bwanayo.

"Ndi choncho, bwana."

"Ndiye usandifunse mafunso ngati ndiwe wa khonsolo."

Galimoto inanyamuka, fumbi n'kugweranso pa masola omwe anali atangopukuta kumene.

Ntchitoyi anailimbirana ndi amuna khumi ndi mmodzi. Iye analibe satifiketi. Sukulu anasiyira Fomu 2 atatenga mimba ya Bekezela, ndipo za mapampu anaphunzira poyang'ana amisiri omwe anabwera kudzakonza mjigo wa m'mudzi, iye akuwaphikira. Pa tsiku loyesedwa anamasula pampu yakufa n'kuimanganso mpaka inalavula madzi, amuna aja akadali kukangana za waya. Anamulemba miyezi itatu yoyesera. Miyeziyo inkatha pakangopita masabata awiri.

Anaima kanthawi. Kenaka anatsegula bokosi, anazimitsa pampu, anatseka mpopi ndi sipanala. Anakwera njinga yamoto n'kupita kukatseka zinazo. Pofika masana anali atamaliza, ndipo njovu zinamwa madzi otsala m'maiwe anayiwo dzuwa lisanalowe.

Tsiku lachiwiri anazungulira monga mwa nthawi zonse, popeza masola amafuna kupukuta ngakhale pampu ili yozima. Ku dziwe lachinayi anapeza matope atayamba kung'aluka. Njiri ziwiri zinkakumba pakati, zikupeza matope enanso. Nswala zinaima pamthunzi wopyapyala, sizinathawe ngakhale atadutsa pafupi. Njiwa zinkatera pakamwa pa paipi, kusuzumira, n'kuuluka. Sithembile anapukuta masola, anamangitsa nati imodzi yomwe inali yolobodoka, n'kumapita.

Masana kumsasa anapeza a Tshuma, mkulu wolondola mapazi, atakhala pa tayala lakutha akusefa phulusa loika m'kathumba kawo koyesera mphepo. M'manja mwawo munali utomoni wa mitengo yaiwisi.

"Eee, wafika mwini mvula," anatero osadzutsa mutu. "Tikuombere m'manja kapena tikuphere mbuzi?"

"Musandiyambe, bambo. Kwatentha."

"Kwatentha kwa ife amene tili ndi mgolo wa madzi. Kaya kwa anzathu a michira."

Sithembile anakhala pansi n'kutsegula botolo lake la mahewu. "Utomoniwo ndi wa chiyani?"

"Chisakasa. Bwana ati timange pafupi ndi dziwe loyamba. Mlendo amuuza kuti n'chongoonerapo kumene njati zilowere zikamwa, kuti tikazilondole bwino. Koma mpata woonerawo andiuza kuti ndiukuze, pakwane mfuti." Anapukusa mutu. "Bwana akuyesa njati ndi mbuzi za kwawo. Gulu lija limatsogoleredwa ndi chinkhalamba chachikazi chothyoka nyanga. Chinayamba kuyenda tchire lino mapampu akowo asanabwere. Chikamva fungo la mitengo yodula kumene, sichiponda pamenepo."

"Bwanji osawauza?"

"Ndawauza. Ati ine ntchito yanga n'kulondola njati, osati kulondola bwana."

"Ndiye inu mwamanga bwanji?"

A Tshuma anadzutsa mutu koyamba. "Nanga iwe watseka bwanji, mwanangu?"

Anamwa mahewu mosinthana.

M'mawa wa tsiku lachitatu Sithembile anadzera ku dziwe loyamba. Bwana ndi mlendo anali atalowa kale m'chisakasa, choncho njinga anaisiya patali n'kuyenda wapansi mu msewu wamchenga. Sanali wolondola mapazi, koma gulu la njati silifuna katswiri. Mchenga unali wopondedwapondedwa ngati khola. Njati zinafika mpaka poti munthu atha kuona madzi akunyezimira, zinazungulirazungulira pamenepo, zinasiya ndowe zambiri, kenaka mapazi onse anatembenukira kum'mawa.

Kum'mawa kunalibe dziwe lotsegula. Kunali dziwe lachiwiri, louma, ndipo kupitirira pamenepo kunali mudzi wakwawo. Madzi okhawo a kumeneko anali mjigo wa pasukulu, wokhala ndi chomweramo ng'ombe cha simenti ndi kadambo kamene kanapangika ndi madzi otayikira. Bekezela ankadutsa pomwepo m'mawa uliwonse kuchokera kwa azakhali ake, komwe ankakhala mayi ake akakhala kuntchito.

Anaitana bwana pa wailesi ya m'manja. Inali yozimitsa, monga amachitira akakhala pobisalira. Anaitana wophika kumsasa n'kumuuza kuti athamange akawauze. Kenaka anathamangira njinga.

Msewu wa kumudzi umadutsa pa pampu yachiwiri. Sithembile anaiona ikubwera, bokosi lake lotuwa ndi masola ake awiri. Makiyi anali m'thumba. Anachepetsa liwiro, anaganiza za pepala lija, ndipo anapitirira osaima.

Pasukulu anafika dzuwa litakwera. Njati zinalipo, makumi anayi kapena kuposa, zakuda bii pakati pa fumbi. Zina zinali zitazinga chomweramo ng'ombe, zina zitagona m'kadambo, zina zikumaliza dimba la sukulu lomwe mpanda wake zinaugwetsa. Ana onse anali atatsekeredwa m'makalasi, nkhope zili ndandanda m'mawindo. Ng'ombe za m'mudzi zinkalira patali, abusa akuziletsa kuyandikira. Kuseri kwa ofesi ya aphunzitsi kunali amayi asanu ndi zidebe zopanda kanthu, ndipo pakati pawo panakhala MaLunga, mayi wamasiye wogulitsa matemba ouma, atatsamira khoma, mkono wakumanja atawumanga ndi nsalu. Mkonowo unali utapindika pamalo posayenera kupindika.

"Ndinabwera mbandakucha ngati masiku onse," MaLunga ankafotokozera aliyense wofika. "Ndimayesa ng'ombe ya a Mpofu. Ndinachita kuikalipira, ndati choka apa iwe! Itatembenuka ndi pamene ndinaona kuti a Mpofu alibe ng'ombe ya nkhope imeneyo. Sinandigunde ayi, ndisaname. Ndagwera ndekha mu ngalande."

"Amayi! Amayi!"

Anali Bekezela, pawindo la giredi yoyamba, atatulutsa dzanja pakati pa zitsulo. Sithembile anayenda chokhotakhota m'mbali mwa khoma mpaka anafika.

"Amayi, zadya kabichi wathu yense. Wanganso, amene ndinabzala ine."

"Wavulala?"

"Ayi. Koma ndili ndi ludzu. Aphunzitsi ati tidikire."

Sithembile anam'patsira botolo lake pawindo. Manja ena asanu ndi limodzi anatuluka nthawi yomweyo. Botololo linabwerera lopanda kanthu asanamalize kuuza mwana wake kuti agawireko anzake.

Atabwerera kuseri kwa ofesi, mmodzi wa amayi aja anamugwira mkono. "MaNdiweni, iwe ndiwe wa madzi kumeneko. Chikuchitika n'chiyani? Chibadwire changa njati sindinaione pasukulu."

"Kwatentha chaka chino," anayankha Sithembile.

"Eya, kwatentha, mwanangu," anavomera MaLunga, akuusa moyo chifukwa cha ululu. "Nazonso n'zolengedwa. Iwe ungatani, dzuwa si lako."

Sithembile anayang'ana mkono uja. Kenaka anatembenuka, anakwera njinga, n'kubwerera njira yomwe anadzera.

Pa pampu yachiwiri sanachedwe. Anatsegula mpopi, anayatsa, anaika khutu pa paipi. Munamveka kutsokomola, kenaka phokoso la mpweya, kenaka madzi ofiira analumpha n'kumunyowetsa miyendo yonse. Anadikira mpaka anayera n'kuyamba kuyenderera pamatope. Anathamangira yachitatu n'kuchita chimodzimodzi. Zinazo zinali kutali. Anazisiya.

Pobwerera kusukulu anapeza galimoto ya bwana Mlotshwa itaima kuseri kwa makalasi. Bwanayo sanaoneke wokwiya. Nkhope yake inali yowala ngati munthu amene watola chinthu panjira. Anali ataimika kale timitengo titatu totsamiritsapo mfuti pangodya ya khoma, ndipo ankalankhula ndi a Holm m'Chingelezi, motsitsa mawu koma mofulumira, a Tshuma ataima pambali pawo.

"Yang'anani kumanzere, iyo yothothoka ubweya pamapewa. Nkhunzi yanu ndi imeneyo. Apa si nkhani yosaka chabe, bambo Holm. Nyamazi zaopseza ana, zavulaza mayi. Mukaombera imodzi, zinazo zithawa, ndipo mudzi wonse udya nyama n'kukuthokozani."

A Holm anali munthu wamtali wowerama, wa mawondo otupa ndi kuyenda. Anaika mfuti pa timitengo tija, anayang'ana nkhunziyo, anayang'ananso mawindo odzaza ana. Sanaike diso pa mfuti.

"Tshuma," anatero, "njati zimabwera kuno kawirikawiri?"

A Tshuma anayang'ana nsapato zawo. "Ine ndimawerenga mapazi, bwana. Mapazi akuti zafika lero."

"Chifukwa chiyani lero?"

"Chilala," analowerera bwana Mlotshwa. "Tiyeni, isanatembenuke."

Sithembile anali ataima pafupi ndi galimoto, thalauza lili chonyowa, sipanala ili m'manja. Chingelezi chake chinali cha Fomu 2, koma mawu amene ankafuna sanali ovuta.

"Sizinabwerepo kuno. Ndinatseka mapampu anayi Lolemba."

Onse atatu anacheuka.

"Kuti zikamwe pa chisakasa chanu chija," anapitiriza. "Anandituma ndi bwana. Koma wotseka ndine."

Bwana Mlotshwa anasiya Chingelezi n'kulankhula Chindebele kuti mlendo asamve. Sanakweze mawu. "Ukudziwa chimene wataya, mtsikana iwe?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Amuna khumi ndi mmodzi ndinawabweza chifukwa cha iwe."

"Ndikudziwa. Ndatsegula yachiwiri ndi yachitatu. Madzi akutuluka."

Amayi a zidebe aja anali atamva zonse, popeza Chindebele chinali chawo. MaLunga anali atapita kale kuchipatala pa ngolo ya abulu.

A Holm anachotsa mfuti pa timitengo. Anaitsegula, anatulutsa zipolopolo chimodzichimodzi n'kuziika m'thumba la malaya, n'kumanga batani.

"Bambo Holm, tamverani," anayamba bwana Mlotshwa. "Ndimafuna musabwerere opanda kanthu. Mwayenda ulendo wautali."

"Masiku asanu ndi awiri ndayenda pambali panu m'tchire lothithikana," anatero a Holm pang'onopang'ono. "Sindinkaopa, chifukwa ndinkati munthu uyu akandiuza kuti ima, ndiima, akandiuza kuti ombera, ndiombera, osafunsa. Lero mwandiuza kuti ombera." Anapereka mfuti yopanda kanthuyo kwa a Tshuma. "Tizichotsa bwanji pano popanda kuombera?"

Funsolo silinapite kwa bwana, ndipo aliyense anaona. A Tshuma anatulutsa kathumba ka phulusa, anakagwedeza, anayang'ana kumene fumbi loyeralo likulowera.

"Mphepo ikupita kumadzulo, kwathu komwe. Ndikufuna amuna khumi, opanda agalu, opanda kukuwa. Tikaime kum'mawa kwake motalikirana, tiziyenda ngati tikuperekeza maliro. Fungo lathu lizikankha lokha. Wothamanga ndimuswa ndine, njati isanamupeze."

Zinatenga maola awiri. Poyamba njati zinangodzutsa mphuno n'kuyang'ana. Kenaka chinkhalamba chothyoka nyanga chija chinadzuka m'matope, chinaima nthawi yaitali, n'kuyamba kuyenda cha kumadzulo, zinazo n'kutsatira pambuyo. Nkhunzi yothothoka ubweya ndi imene inatsalira kumapeto. Inatembenuka kamodzi n'kuyang'ana anthu onse aja, kenaka inalowa mu tsanya. A Holm anayenda nawo mzere wa amunawo mpaka kumapeto kwa minda, akutsimphina, manja ali m'thumba.

Ana atatulutsidwa anathamangira ku mjigo onse nthawi imodzi, aphunzitsi akukuwa kuti apange mzere.

Bwana Mlotshwa anadikira mpaka mlendo atakwera galimoto. Kenaka anatambasula dzanja.

"Makiyi."

Sithembile anapereka makiyi a mapampu, a njinga, ndi wailesi. Sipanala inali yake, anagula yekha, choncho anaibweza m'thumba.

"Yachinayi ndi yachisanu zikadali zotseka," anatero. "Zitsegulidwe lero. Yachisanu muyambe mwatulutsa mpweya pa kampopi kakang'ono ka pansi, apo ayi paipi iphulika pa joini."

"Sindinakufunse."

"Ndikuuza amene akatsegule, bwana. Mukamuuze."

A Tshuma anakweza njinga yamoto kumbuyo kwa galimoto. Pomanga chingwe anawerama pafupi naye. "Katundu wako ndibweretsa Loweruka," ananong'ona. "Zinazo ndikatsegula ndekha. Kampopi ka pansi, eti?"

"Ka pansi. Mukapotoze kumanzere."

A Holm ananyamuka m'mawa mwake opanda njati. Zinamveka pambuyo pake kuti analembera kalata khonsolo, ndipo kuti nkhani ya dera lija idzakambidwa pa msonkhano. Sithembile sanaitanidwe kulikonse. Pepala lake silinasayinidwe, ndipo Lolemba lotsatira njinga ija inadutsa m'mudzi itakweredwa ndi mmodzi wa amuna khumi ndi mmodzi aja.

Koma zimenezo zinali za m'tsogolo. Madzulo a tsiku la njatilo, dzuwa likadalipo, Sithembile anatsuka miyendo, anavala siketi, n'kupita kwa MaLunga, Bekezela akumutsatira. Anawapeza atakhala pakhonde, mkono uli mu pulasitala woyera kuyambira m'zala mpaka pachigongono. Nkhani inali itawapeza kale ali pa ngolo pochokera kuchipatala.

Sithembile anagwada cha patali monga mwa ulemu. MaLunga anamusiya agwade kanthawi.

"Unandiuza kuti kwatentha."

"Ndinanama, mayi."

"Ine n'kukuvomera. Mpaka kukupepesa, ati dzuwa si lako." Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. "Ntchito ija akuti yatha?"

"Yatha."

"Hmm. Ndiye kuti uli ndi nthawi." Anadzutsa mkono wa pulasitala uja n'kuuyang'ana ngati chinthu cha eni ake. "Adokotala ati masabata asanu ndi limodzi. Ine ndilibe mwana wamkazi pano. Mtondo sindinganyamule, nkhuni sindingawaze, koma zimenezo ndipempha ena."

Sithembile anayang'ana pakhomo. Panali zidebe ziwiri zachikasu, zovundikira, zouma.

"Zingati patsiku?"

"Zinayi. Loweruka zisanu ndi chimodzi, ndimachapa."

"Ndiyambe liti?"

MaLunga analoza zidebezo ndi milomo.

Sithembile anadzuka, anatenga chimodzi kudzanja ili china kudzanja ilo, anapatsa Bekezela nkhata kuti anyamule. Anali atafika kale pa mpanda pamene mawu a MaLunga anamupeza, okweza bwino kuti oyandikana nawo onse amve.

"MaNdiweni! Ukamaliza kutunga, mjigowo usakautseke!"